A Nangondo Anakana Kukonzedwa

Chaka chakwana chimwalirireni a Nangondo, ndipo a komiti ya Amalawi kuno ku South Bend andipempha kuti ndilembe mbiri yawo. Andichenjeza kuti ndisakokomeze. Chenjezo limeneli landiwawa, chifukwa ine chibadwire sindinakokomezepo kanthu. Vuto ndi loti ndinagwira ntchito kwa munthu amene zoona zake zimamveka ngati bodza. Choncho zonse muwerenge panozi ndi zoona, ndipo wokayika akafunse GPS ya mu vani yathu yakale ija, yomwe mpaka lero imayamba yapepesa isanamuuze munthu kokhotera.

Za GPS zinali chonchi. Tinkapita ku Elkhart kukatenga wodwala, ine pa chiwongolero, iwo pambali panga atapakata chikwama ngati khanda. Kamtsikana ka m'makinamo kanati tikhotere kumanzere. A Nangondo anati ayi, kumeneko kuli njanji, ndipo sitima ya katundu ikaima pamenepo imaima ngati yafika kwawo. Kamtsikanako kanabwereza. Iwo anaweramira pa makinawo nati, "Iwe mwana, kuno unabwera liti?" Makina anakhala chete mpaka ku Elkhart. Pali malemu agogo anga, ndinakamva kakumeza malovu.

Dzina la pa chiphaso linali Esime Jere, koma amene ankawaitana choncho ndi a ku chipatala okha. Kwa ife anali a Nangondo, kapena Amayi basi. Kwawo ku Ntcheu anali namwino. Anabwera kuno kutsatira amuna awo, a Jere, omwe ankaphunzira pa koleji ina kutsidya kwa malire a Michigan, ndipo atafika anauzidwa kuti unamwino wa kwathu suwoloka nyanja. Anayambiranso pansi, kusambitsa nkhalamba m'nyumba zosungira okalamba. Kumeneko ndi komwe anaona chinthu chimene chinawakwiyitsa moyo wawo wonse: odwala impso atavala kale majasi, atakhala pa njinga zawo za odwala pafupi ndi chitseko, akudikira galimoto yowatengera ku makina otsuka magazi, galimoto osabwera. Ankati wodwala impso akajomba ku makina thupi limasunga madzi ngati damu, ndipo womuchedwetsa ndi wakupha amene wangoiwala mpeni kunyumba. Anagula vani yakutha, yoti chitseko chake chinkatsekeka pokhapokha uchinyengerere, nayamba kunyamula anthuwo okha. Ine ndinalembedwa udalaivala mavani atachuluka pang'ono.

Malamulo awo sanalembedwe paliponse, koma tonse tinkawadziwa kuposa manambala a foni a akazi athu. Mawu oti kasitomala anali oletsedwa. Wodwala aliyense anali mlendo wathu. Dalaivala ankayenera kutsika, kugogoda, kupereka moni, kufunsa za adzukulu. Kuimba hutala pakhomo la munthu unali mlandu woti ukapereke makiyi. Sinowo sankaivomereza ngati chifukwa chochedwera. Ankati sinowo ndi mlendo waulemu, amalengeza pa TV dzulo lake kuti akubwera, ndiye wochedwa chifukwa cha iye ndi waulesi amene anauzidwa koma osasesa pabwalo. Ine ndinawaonapo akuyang'anitsitsa mtambo wochokera ku nyanja ya Michigan mpaka mtambowo unachita manyazi n'kukagwera ku Ohio. A zanyengo anati ndi mphepo. Iwo aja sanalipo.

Amuna awo, a Jere, ndi munthu wofatsa kwambiri mwakuti maikolofoni ya foni yawo inachita dzimbiri. Pa zaka zonse ndawadziwa ayankhulapo mawu oti angakwane pa positikhadi, malo a sitampa n'kutsala. Ndikuwatchula chifukwa mawu awiri mwa amenewo anatisokoneza tonse, monga mumve.

Tsopano za tenda, zomwe a komiti akufuna kwenikweni.

Ofesi ina ya boma ku Indianapolis, yomwe sinditchula dzina chifukwa tikugwira nayo ntchito mpaka pano, inalengeza kuti ikufuna kampani yonyamula odwala impso m'makaunti angapo, maboma ang'onoang'ono a kumpoto kuno. Kampani iliyonse inkalemba momwe idzagwirire ntchito ndi mtengo wake, mwachinsinsi, ndipo akuluakulu a ofesiyo ankapereka malikesi ngati kusukulu. A Nangondo anabida, kulowa nawo mpikisanowo, mothandizidwa ndi mwana wawo Tadala. Tadala anabadwira konkuno. Chichewa amamva chonse, ndi miseche yomwe, koma akatsegula pakamwa chimatuluka ndi Chingerezi. Tinapikisana ndi kampani yaikulu ya ku sitetsi ina, ya mavani ochuluka ngati nyerere, ndipo tinawina. Amayi anaoda mavani atsopano. Anyamata ndi amayi angapo a kwathu anasiya ntchito zawo za m'nyumba za okalamba n'kudzalembedwa udalaivala.

Kampani yaikulu ija sinagone. Inakadandaula kuti opereka malikesi analakwitsa pa chinthu chimodzi: anatiwerengera mavani okhala ndi chikepe chonyamulira njinga za odwala, pomwe ena mwa mavaniwo anali asanafike. Dandaulo linali lomwelo basi. Tinkayembekeza kuti ofesi iyankha. M'malo moyankha, inatumiza imelo yoti ichita chimene pa Chingerezi amati corrective action, ndipo chifukwa cha chimenecho dandaulo la anzathu aja latsekedwa.

Linali Lamlungu masana, tonse tili pa yadi ya kampani tikutsuka mavani. Tadala anawerenga mizere yoyambirira mokweza. Madalaivala tinayang'anana. Dandaulo latsekedwa, zimenezo tinamva, koma mawu awiri a Chingerezi aja ndi chiyani? Apa m'pamene a Jere, atatsamira khoma, anatsegula pakamwa, dzimbiri likugwa.

"Akuti akonza."

Abale anga, chimwemwe chake. Nthungululu inamveka mpaka ku Mishawaka. Wina anathamangira kukagula zakumwa. A Matewere, mkulu wa mpingo wathu, analemba pa gulu la WhatsApp kuti boma la kuno si la kwathu, likalakwa limakonza, tiyeni tiyamike. Timanja topemphera tinadzaza foni mpaka yanga inalemera m'thumba.

A Nangondo okha anapitiriza kupukuta galasi la vani. Atamaliza anafinya nsanza, nayanika bwinobwino, natembenuka.

"Akonza. Chabwino. Kukonza kwake kuti?"

"Amayi," ndinatero ine, "kukonza n'kukonza."

"Ayi, a Wyson. Pali kukonza galimoto, imachoka ku galaja ikuyenda. Pali kukonza m'nyumba, zinthu zimabwerera m'malo mwake. Ndiye pali kukonza nkhuku. Inu munaionapo nkhuku yokonzedwa ikubwerera m'khola?"

Nthungululu inathera m'khosi.

"Tadala, werenga mpaka pansi. Ndi timalemba tating'onoto."

Pansipo panali nkhuku. Ofesi inati yafafaniza kuwina kwathu. Tenda iyambiranso poyamba, aliyense alembenso mtengo watsopano. Koma mtengo wathu anali ataulengeza kale poyera tsiku lomwe tinawina, ndiye kampani yaikulu inkangoyenera kulemba pansi pake pang'ono n'kutenga ntchito. Zinali ngati kubwereza mayeso mnzako ataona kale pepala lako. Ndipo miyezi yonse yoyambiranso, odwala aja apitiriza kudikira pafupi ndi zitseko atavala majasi. Wa zakumwa uja anafika nazo panthawi yomweyo. Tinamwabe, koma mwaulemu, ngati pa maliro.

Ndiimire kaye pamenepa, chifukwa simungamvetse zomwe zinatsatira ngati simukudziwa mkangano wa a Nangondo ndi a Matewere. Unayamba kale, vani ikadali imodzi. Ife ambiri kuno timasunga Sabata, ndipo odwala impso ambiri amapita ku makina Loweruka. A Matewere anawatengera Amayi ku komiti ya mpingo chifukwa choyendetsa vani pa tsiku lopatulika. Amayi anamvetsera mpaka mapeto, kenaka anapempha kuti a komiti awalembere kalata yopita kwa impso, yozidziwitsa za kalendala ya mpingo, popeza iwo anayesa kuzilalikira koma sizinatembenuke. Kuyambira pamenepo Loweruka lililonse ankanyamula odwala m'mawa, n'kulowa m'tchalitchi ulaliki usanayambe, atavala diresi lakumpingo ndi majombo a sinowo, n'kukhala mpando woyang'anizana ndi a Matewere. Anthu awiriwa anakangana pa nkhani ya nyimbo, ya makatani, ya mchere wa mu nyemba za pa chakudya cha pamodzi. Koma mkazi wa a Matewere atadwala, amene ankamusambitsa ndi a Nangondo, ndipo ngakhale m'chipinda cha wodwalamo ankakanganabe monong'ona.

Loya tinamupeza ku Beech Grove, mzimayi wamtali wa tsitsi la imvi, ofesi yake pamwamba pa shopu yokonza njinga. Ine ndinali dalaivala wa ulendowo, ndiye ndinalowa nawo kuti ndisaume panja. Loyayo sanatinamize. Anati kutsutsa boma likalakwa n'kotheka, koma kulitsutsa pamene likuti likukonza kulakwa kwake n'kovuta kwambiri, chifukwa oweruza amakonda boma lodzichepetsa ndipo amalipatsa mpata waukulu. Anati nthawi yochalenja chiganizo cha ofesiyo ndi yochepa. Anawonjeza kuti anthu omwe tiwaimbe mlanduwo ndi omwewo adzapereke malikesi ulendo wotsatira, ndipo munthu ndi munthu. Malangizo ake anali oti mwina tingobidanso mwakachetechete.

A Nangondo anafunsa kuti m'imelo muja ofesi yalemba kuti yalakwa chiyani.

Loya anayang'ananso. Anati sanatchule. Angoti akufuna kuthana ndi nkhawa zomwe zatuluka.

"Ndiye kuti sanapepese," anatero Amayi. Kenaka anamufotokozera loyayo momwe zimakhalira kwathu: wopepesa amanena chimene wachita. Sungangofika n'kuti pepani pa zonse. Akulu amakufunsa kuti zonse ziti, chifukwa chindapusa chimatsatira mlandu. Wolakwira mbuzi salipira khola lonse, ndipo woipa kwambiri ndi amene amati wapepesa koma chindapusa alipitse mnzake.

Loyayo anavula magalasi. Anati lamulo la kuno nalonso limafuna kuti mankhwala agwirizane ndi matenda, ndipo khomo lokhalo lolowera ndi lomwelo, koma ndi lopapatiza. Amayi anati iwo analowa m'dziko muno pa khomo lopapatiza kuposa limenelo, ali ndi masutikesi. Anati fayilani mlanduwo.

Nkhani itamveka kuti a Nangondo akuliimba boma mlandu, m'mudzi mwathu muno munagwa mantha akale. Amene tinakulira kwathu nthawi ija timadziwa kuti boma sulilozera chala, ngakhale chala uli nacho m'thumba. Anthu ena anasiya kuwayankha moni pa gulu. Ena omwe mapepala awo anali asanatuluke anapempha kuti mayina awo asamveke paliponse, ngati kuti jaji wa nkhani za mavani adzayamba kuitana mayina a kwaya. Madzulo ena a Matewere anabwera pa yadi ndi akuluakulu anzawo, atavala masuti.

"Mayi Jere, ife pano ndife alendo. Mlendo satsutsana ndi mwini nyumba za momwe akuyalira mphasa."

"Mwadya, a Matewere?"

"Tadya. Tikunena kuti mukaputa njuchi, zidzaluma tonse."

"Ine ndasambitsa makolo a eni mudzi uno. Ena ndawatseka maso ndi manja awa, ana awo ali pa ndege. Munthu wotero akadali mlendo?"

"Sitikukana zimenezo, koma boma ndi boma."

"Eya, ndi boma. N'chifukwa chake lili ndi khomo lolembedwa kuti odandaula alowere apa. Analimanga okha. Inu mukufuna khomolo lichite dzimbiri ngati foni ya amuna anga?"

A Jere anagwedeza mutu, posonyeza kuti za foniyo ndi zoona.

A Matewere ananyamuka atakwiya. Ali pa geti anatembenuka n'kufunsa kuti mlanduwo ndi wa tsiku lanji. Amayi anawauza. Iwo anati sakugwirizana nazo ngakhale pang'ono, koma asala kudya tsikulo, chifukwa munthu wamakani akagwa amagwera anthu ambiri.

Miyezi yodikira ija ndi imene ine ndimawakumbukira nayo kwambiri. Mavani atsopano anafika, ntchito palibe. Madalaivala ena anabwerera kukapempha mashifiti komwe anatsanzika kale. Munthu wina akanatseka geti n'kumadikira foni. A Nangondo analamula kuti m'mawa uliwonse mavani azilizidwa, ndipo mosinthana tiziyenda njira zonse zomwe tikadzawina tidzayende. Opanda wodwala. Tinkanyamula mpweya kuchokera ku South Bend kukausiya ku Plymouth, n'kutenga wa ku Plymouth kubwera nawo kuno. Ankati tidziwe msewu uti umaterera, mlatho uti umatsekedwa, chipatala chiti chili ndi khomo la kuseri. Ine ndinadandaula kuti anthu akutiseka.

"Akuseka chiyani?"

"Akuti tikuyendetsa mizimu."

"Ndiye muziimangirira malamba. Ndipo musaichedwetse."

Ndinamangirira. Mpweya wa ku Plymouth sunafikepo mochedwa ngakhale tsiku limodzi, ndipo ndine wokonzeka kulumbira pa zimenezi pamaso pa jaji aliyense.

Tsiku la mlandu tinatsika ndi msewu wa 31 kudutsa ku Kokomo kupita ku Indianapolis, ine, Amayi ndi Tadala. Amayi anavala chilundu chawo cha ku ukwati wa Tadala ndi duku loti ndinachita kutsitsa mpando kuti likwane m'galimoto. Ine ndinkayembekeza khoti la mawigi. Tinapeza kachipinda kokhala ndi tebulo lalitali ndi makina a khofi. Woweruza anali mdala wa kachipangizo kothandiza kumva m'khutu, wolankhula pang'onopang'ono ngati anthu a kumwera kwa Indiana. Mbali ina kunali loya wa ofesi ija ndi maloya a kampani yaikulu, masuti awo akuwala mwakuti ndinadziona m'menemo kuti sindinapese.

Ntchito yeniyeni anagwira ndi loya wathu, ndipo anaigwira bwino. Sanakane kuti ofesi ili ndi ufulu wokonza. Anangofunsa, mobwerezabwereza, kuti kulakwa kunali pati. Ngati kunali pa kawerengedwe ka mavani, bwanji osangowerenganso mavaniwo? Mitengo yalakwa chiyani kuti ilembedwenso? Woweruza anafunsa loya wa ofesi funso lomwelo. Iye anayankha kuti ofesi inaona kuti n'kwanzeru kuyambiranso kuti pasakhale kukayikira. Woweruza anafunsa kuti kukayikira za chiyani. Iye anati za ndondomeko yonse. Anazungulira choncho ngati galimoto yofuna paking'i ku dauni tauni.

Kenaka anaitana a Nangondo kuti afotokoze momwe chiganizo cha ofesi chawakhudzira. Loya wathu anali atawapempha kuti ayankhe mwachidule. Ine ndinadziwiratu kuti pempho limenelo lafera m'njira. Amayi, m'Chingerezi chawo cha ku mishoni chosaphonya chilembo, anayamba kumuphunzitsa woweruza mitundu ya kukonza: kwa galimoto, kwa m'nyumba, kwa nkhuku. Tadala anabisa nkhope m'manja. Maloya a masuti owala anayang'ana kudenga. Ine ndinati basi, tapita, tizikanyamula mpweya mpaka kalekale.

Mdala uja anakonza kachipangizo ka m'khutu. Anati zimenezo sizachilendo kwa iye, chifukwa kwawonso mawu awo a kukonza amagwira nkhuku. Mayi ake ankakonza nkhuku Lamlungu lililonse, ndipo palibe inadzukapo. Anawonjeza, nkhope ili gwa, kuti kwawoko amakonzanso agalu, ndipo galu wokonzedwa amayenda ndithu koma mbumba yake imathera pomwepo.

"Ndiye mukundimva," anatero a Nangondo.

Woweruzayo anati kumva akumva, koma nkhuku si lamulo, ndipo adzagamula potengera zomwe zili m'mafayilo. Amayi anati n'zomwe akufuna. Anati iwo anali namwino, ndipo bala likakhala pa chala sudula mwendo pa ntchafu, makamaka ngati mwendowo ndi wa munthu wina.

Apa loya wa kampani yaikulu anaimirira ndi funso lomwe tonse tinkaliopa. Anafunsa ngati Mayi Jere akudziwa kuti ofesi ikangowerenganso mavani, monga akupemphera, malikesi awo akhoza kutsika mpaka kuluza tendayo, popanda mwayi wina wobidanso. Chifukwa zoona zake zinali zoti mavani ena analidi asanafike pa tsiku lowerengalo.



A Nangondo anati akudziwa. Anati akaluza pa bala lenileni, aluze. Adzapita okha ku kampani yaikuluyo kukawaphunzitsa madalaivala ake njira zonse, nyumba iti ili ndi galu wolusa, gogo uti samva kugogoda, khomo liti limaundana, chifukwa odwalawo sanalakwe kanthu. Koma kuluza chifukwa choti wina waonera pepala lawo, n'kumatchula zimenezo kukonza, ayi. Kumeneko akana lero, adzakana mawa, ndipo akadzafa Tadala adzakana m'Chingerezi.

Tadala anachotsa manja kumaso. Anayankha mawu amodzi, m'Chichewa, oyamba kuwamva ine kuchokera pakamwa pake chibadwire: "Eya."

Chigamulo sichinaperekedwe tsikulo. Tinadzera ku Lafayette Road kukagula nyama ya mbuzi, popeza Amayi ankati kufika ku Indianapolis osagula mbuzi n'kuwononga petulo. Wogulitsa, bambo wa ku West Africa, ananyamula mwendo wa mbuzi n'kufunsa ngati awakonzere. Amayi anamuyang'ana nthawi yaitali mpaka bamboyo anabwerera m'mbuyo. Kenaka anati, "Iyoyo mukhoza."

Chigamulo chitabwera, sichinali chovinira kwenikweni. Woweruza anati ofesi ili ndi ufulu wokonza kulakwa kwake, koma sinasonyeze chifukwa chogwetsera tenda yonse. Iwerengenso mavani, mitengo isakhudzidwe. Ndiye kuti tinawina mwayi woti tikhoza kuluza mwachilungamo. Madalaivala sitinadziwe ngati tiimbe nthungululu kapena tifunsire ntchito kwina. Amayi anati mavani alizidwe monga mwa masiku onse.

Anawerenganso. Malikesi athu anatsikadi. Mnyamata wina pa yadi anayamba kutukwana kampani yaikulu ija, ndipo Amayi anamuletsa, nati anthu aja pa mavani anali ndi mfundo, ndipo wokhala ndi mfundo satukwanidwa ngakhale akhale mdani. Titatsika choncho tinatsalabe pamwamba, ndi kampata koti tsitsi likhoza kudutsapo litapuma mpweya. Ntchito inabwerera kwa ife.

Mlendo wanga woyamba anali gogo wina wa kumadzulo kwa South Bend, mzungu wa mawu okhuthala. Ndinatsika, ndinagogoda, ndinapereka moni. Anatsegula ali mu pijama, nandikalipira kuti ndafika msanga, iye anazolowera kuti galimoto ikati m'mawa imatanthauza masana. Nditawauza Amayi, anaseka mpaka anakhala pansi pa sitepe ya vani. Ndi tsiku lokhalo ndinawaona akupukuta misozi, ndipo anati ndi mphepo.

A Matewere anabwera kudzanena kuti kusala kwawo n'komwe kunagwira ntchito. Amayi anavomera, nati n'chifukwa chake malikesi anatsika, chifukwa wosalayo ankasala akung'ung'udza.

Matenda a Amayi anali achidule. Anagwa pa yadi nthawi yomwe sinowo imayamba kusungunuka, ndipo m'chipatala anakhalamo masiku ochepa, akudzudzula anamwino pa kayalidwe ka bedi ndi dzanja limodzi lomwe linkagwirabe ntchito. Mwambo wotsanzikana tisanatumize thupi ku Ntcheu unachitikira ku tchalitchi kwathu. Odwala impso anabwera ndi mavani athu, njinga zawo zinadzaza kanjira ka pakati, onse pa nthawi yake. Amene anachedwa ndi abusa. A Matewere analankhula m'malo mwa mpingo. Anayamba bwino, kenaka anati mayi ameneyu sanawamverepo ngakhale kamodzi, ndipo mawu anawathera pomwepo. Anaima pa guwa akuyang'ana mpando woyang'anizana nawo mpaka a Jere anapita kukawagwira mkono.

Kampani pano akuyendetsa ndi Tadala, m'Chingerezi, koma hutala ndi yoletsedwabe.

Pa yadi pali malo amodzi pafupi ndi geti pomwe Amayi ankaimika galimoto yawo, kagalimoto kakale kotuwa komwe anakana kukagulitsa. Malowo ndi oipa. Ali pokhotera penipeni, ndipo zaka zonse tinkadandaula chamumtima kuti vani yaitali imavutika kutuluka. Kagalimotoko a Jere anakapereka kwa mwana wa sukulu wina wa ku Lawrence. Pamalopo patsala banga la oilo, lakuda, ndi mzere wachikasu wofufutika womwe Amayi anapenta okha mokhota. Palibe analamula, palibe chikwangwani, koma palibe amaimikapo, ngakhale tsiku loti yadi yadzaza mpaka ena kuimika mumsewu. Wochotsa sinowo amapakankha bwinobwino ngati pali wina akubwera. M'mawa mavani akamatuluka kukatenga alendo athu, iliyonse ikafika pa geti imatsika liwiro, n'kukhota motalikira, kuzungulira galimoto yomwe palibe. Dalaivala watsopano, mnyamata wa ku Gary yemwe sanawaonepo a Nangondo, anandifunsa sabata yatha kuti n'chifukwa chiyani timakhota choncho pomwe njira ili pululu. Ndinamuuza kuti ayese kudutsapo. Anafika pomwepo, anaima, anayang'ana banga la oilo lija, kenaka anabweza vani m'mbuyo n'kuzungulira ngati anzake.